Masamba Otchinga Msewu wa ku Bwalo la Balaka

Mpira utangochoka m'manja mwa Ndaziona Chimpeni n'kulowa mumphete osakhudza chitsulo, nsanja yagalasi ya pamwamba pa bwalo la masewero la Balaka inasintha mtundu. Inali yachikasu, koma inafiira psuu, ndipo kufiirako kunakwera mpaka kungotsala pang'ono kufika pansonga. Anthu zikwi makumi awiri anaimirira, kukuwa ndi kulozerana nsanjayo.

Nsanjayo inali nkhope chabe ya makina otchedwa Chimvamtima. Pansi pa mpando uliwonse panali kachitsulo kochepa ngati njere ya nyemba, komva kugunda kwa mtima wa wokhalapo, kapumidwe kake ndi kutentha kwa thupi lake. Makinawo ankasonkhanitsa zonsezi n'kudziwa wosewera amene anthu akumukonda, ndiponso kukula kwa chikondicho. M'chaka cha 2096 bwalo lililonse la mpira wa ntchemberembaye linali ndi Chimvamtima chake, koma palibe nsanja imene inkafiira ngati ya timu ya Mavu a Balaka.

Anthu a ku Balaka, kupusa kwake, ankainyadira nsanjayo. Ankaiwala kuti zonse zimene imamva imakanena kwa Mkhalapakati, kompyuta yaikulu yoyendetsa msika wa osewera. Zaka zambiri m'mbuyomo, matimu onse anasainira pangano pofuna kumangiridwa mabwalo atsopano: nsanja ikadzayera mpaka pansonga chifukwa cha wosewera mmodzi, ligi ya kumwezi idzamutenga, timu yake n'kupatsidwa maloboti atatu m'malo mwake. Kumweziko kunali anthu olemera okonda kuonerera atsikana akudumpha kupitirira denga la nyumba, poti thupi kumeneko limapepuka. Koma munthu akakhalako zaka zitatu mafupa ake ankafooka, moti pobwerera kuno sakanathanso kuima yekha. N'chifukwa chake panalibe wobwerera.

Sabata imeneyo mphekesera zinayenda kuposa minibasi. Ena ankati Ndaziona wasaina kale. Ena ankati amuona ku Lilongwe akumuyeza chisoti cha mpweya. Mayi wina wogulitsa tomato analumbira pali mwana wake kuti maloboti atatuwo afika kale, ali m'makatoni kuseri kwa ofesi ya timu. Kometera tsitsi anthu anagwirana m'makolala, wina akuti mtsikanayo ndi wadyera, wina akuti aliyense wonena zimenezo atuluke panja aonane.

Mayi Elube Sambakunsi sanali munthu wodya mphekesera. Anali telala, wosoka mbendera zonse za timuyo, komanso wapampando wa masapota kwa zaka khumi ndi ziwiri. Mawu awo ankamveka tsidya lina la bwalo popanda chimkuzamawu. Lachiwiri m'mawa anatseka shopu, tepi yoyezera ikadali m'khosi, n'kulunjika ku ofesi ya mkulu wa timu, bambo Kaphwiti.

"Bwana, ndiuzeni poyera. Mwana uja mukumupereka?"

"Khalani pansi kaye, mayi," anatero bambo Kaphwiti.

"Ndakhala kale kwathu. Mukumupereka kapena ayi?"

Bambo Kaphwiti anapukuta magalasi awo nthawi yaitali ngati akufuna kuwaboola. "Ine ndilibe mphamvu pankhaniyi. Amene mukumupereka ndinuyo. Mukamamukonda chonchija, nsanja ija imakwera. Loweruka lino ikangoyera, Mkhalapakati atseka nkhani yekha, ngakhale ine sandifunsa."

"Ndiye mukuti tikumugulitsa ndi chikondi chathu chomwe?"

"Ndi mmene panganolo lilili, mayi."

"Panganolo munasainira ndinu, ife sitinaligwireko cholembera," anatero mayi Sambakunsi. "Mwana ameneyu sapita kulikonse. Mudzaona."

Anatuluka mtima ukuwawa, ndipo kunena zoona sankadziwa chimene bwanayo adzaone.

Tsiku lotsatira masana masapota anadzaza bwalo la sukulu ya pulayimale. Woyamba kuyankhula anati Loweruka aliyense akhale kunyumba. Anamukumbutsa kuti bwalo likakhala lopanda anthu, Mkhalapakati amatenga muyezo wa masewero apitawo n'kuwonjezerapo yekha. Wachiwiri anati apite koma akakhale chete.

"Makinawo samva pakamwa, achimwene, amamva mtima," anayankha bambo wina wokonza njinga. "Ine ndikhoza kutseka pakamwa ndi selotepi, koma Ndaziona akangogwira mpira mtima wangawu umathamanga wokha ngati mbuzi yoduka chingwe."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kosafika patali. Mayi Sambakunsi anaimirira.

"Tandiuzani, abale anga. Ndi kuti kumene munthu umakhala pagulu lalikulu mtima uli pansi?"

Mayi wina kumbuyo anati, "Kumaliro."

"Basi. Loweruka tikupita kumaliro. Amayi, zitenje zakale ndi mipango kumutu. Abambo, zipewa m'manja. Aliyense akumbukire wake amene anamuika m'manda, amutengere kubwaloko mumtima. Tikaimba nyimbo zachisoni zokhazokha. Masamba tikaika pamsewu monga mwa mwambo. Nsanja ija itsike mpaka kumwezi atiiwale."

"Nanga mwiniwakeyo timuuza?" anafunsa wokonza njinga uja.

"Ali kukampu, ndipo lamba wa timu amene ali pamkono pake amamva zonse. Kumuuza iye ndi kuuza makina. Adzamva tikapambana."

Onse anavomera ndi m'manja. Pa anthu onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe anakumbukira kuti mayi ake a Ndaziona anali chigonere ku Utale mwezi wachiwiri tsopano.

Loweruka masana basi ya timu ikuyandikira bwalo, inachepetsa liwiro yokha. Ndaziona anasuzumira pawindo n'kuona nthambi zaziwisi zamango zitayalidwa kudutsa msewu. Anafunsa anzake kuti wamwalira ndani, onse anapukusa mitu. Polowa m'bwalo sanamve ng'oma kapena lipenga. Anamva nyimbo yapansipansi, yokoka, ya anthu zikwi makumi awiri. Nsanja inali yobiriwira mozilala, kuwala kwake kuli pansi penipeni. Nzeru ya mayi Sambakunsi inali ikugwira ntchito.

Masewero anayamba. Ndaziona anamwetsa chigoli choyamba, bwalo lili zii. Anamwetsa chachiwiri ndi chachitatu, nyimbo yokhayo osaduka. Anayang'ana kumene kumakhala anthu omudziwa kuyambira ali wamng'ono, onse anagwetsa nkhope. Anafunafuna mayi Sambakunsi, amene masiku onse ankamukuwira kuti "Ponya, mwanawe!" Maso awo atakumana, mayiwo anayang'ana pansi msangamsanga.

Kwathu kuno munthu akafedwa sauzidwa mwachindunji. Anthu amamuzemba maso, amayankhula motsitsa, amadikira wamkulu woti amukhazike pansi. Ndaziona anakulira momwemo ndipo ankazidziwa bwino. Anaphatikiza masamba a pamsewu, mipango, nyimbo ndi maso omuthawawo, yankho linabwera limodzi lokha. Mpira unamupulumuka m'manja. Anagwira kumutu n'kugwada pakati pa bwalo.

"Amayi anga ine! Mayo, amayi anga!"

Nyimbo inaduka. Kulira kwa mtsikanayo kunafika mpaka mpando womaliza, ndipo aliyense anazindikira nthawi imodzi chimene achita. Mitima imene anaigoneka mosamala chonchija inadzuka yonse pamodzi ndi chisoni, manyazi ndi chikondi. Kuwala kunathamanga m'nsanja, kuchoka pobiriwira, kudutsa pofiira, mpaka nsanja yonse inayera mbuu, anthu kuphimba m'maso.

Mawu osalala a Mkhalapakati anamveka m'zimkuzamawu zonse. "Muyezo wakwana. Ndaziona Chimpeni tsopano ndi wa ligi ya kumwezi. Pangano litsekedwa akangokwera galimoto imene ikubwera kudzamutenga. Zikomo, anthu a ku Balaka."

Zikomo ameneyo ndi amene anapweteka kwambiri. Mayi Sambakunsi analumpha mpanda, pamsinkhu wawo umenewo, n'kukagwada pafupi ndi mtsikanayo.

"Mayi ako ali moyo, mwanawe! Ndayankhula nawo pafoni lero m'mawa, amwa ndi tiyi yemwe. Kulibe maliro. Timafuna kupusitsa makina kuti asakutenge."

Ndaziona anawayang'ana, misozi ikadali kutsika. Kenako anaimirira, ndipo poyankhula sanatsitse mawu.

"Mayi Sambakunsi, mwandiphera amayi anga mumtima kuti mundisunge?"

"Tinalakwa, mwana wanga. Tinaopa lamba wakoyo."

"Makina aja sanandifunse ngati ndikufuna kupita. Inunso simunandifunse ngati ndikufuna kukhala. Sabata yonse mwakhala mukumenyana m'malo ometera chifukwa cha ine, koma palibe anabwera kudzati, Ndaziona, iwe ukuti bwanji? Kusiyana kwanu ndi nsanja ija kuli pati?"



Ndaziona anavula lamba wa timu n'kumuponya pansi. Anatuluka pageti lalikulu, khamu lonse likumutsatira patali, mwakachetechete. Kumsewu galimoto inali itafika kale, yaitali, yoyera, yopanda dalaivala, chitseko chake chili chotsegula. Koma siinafike pageti. Inaima kuseri kwa masamba aja, nyali zake zitazilala.

"Pepani ndi zovutazi," inatero galimotoyo mwaulemu. "Ndidikira kuno mpaka mwambo utatha."

Anthu anayang'anana. Bambo Kaphwiti, amene anafika akupuma mwawefuwefu, ndiwo anafotokoza. Kalekale, magalimoto odziyendetsa atangofika m'dziko muno, ina inalowa pasiwa ikuimba nyimbo zotsatsa malonda, anthu n'kuiphwanya ndi miyala. Kuyambira pamenepo makina onse anaphunzitsidwa mwambo. Galimoto yongodutsa imachepetsa liwiro ikaona masamba, koma yobwera kudzatenga munthu kapena katundu pankhani ya malonda siiloledwa kuwoloka, ngakhale youluka siiloledwa kutera. Akatswiri atafunsa kuti maliro amatenga masiku angati, anayankhidwa kuti amatha eniake akachotsa masamba. Analemba momwemo.

"Ndiye kuti masambawa akakhalapo, siingamutenge?" anafunsa mayi Sambakunsi.

"Siingamutenge. Koma iye akangowoloka yekha, tsiku lililonse, pamsewu uliwonse, yamupeza."

Ndaziona anayenda mpaka zala za kumapazi kwake zinakhudza nthambizo. Chitseko chinali pafupi moti akanatha kuchigwira. M'katimo munali mpando wofewa, ndipo pagalasi pankaoneka chithunzi cha bwalo la kumwezi, lokongola kuposa chilichonse chimene anachionapo. Panalibe amene anayerekeza kumuitana. Ulendo uno anthu a ku Balaka anatseka pakamwa zenizeni n'kumusiya asankhe.

Anawerama n'kutola nthambi imodzi imene inali itayamba kufota. Mayi wina analira mokweza poganiza kuti akutsegula njira. Ndaziona anaitaya kumbali, napita pamtengo wa mango wa m'mbali mwa msewu, nathyola ina yaiwisi, naiyala pamalo pomwepo.

"Iwe galimoto, ukauze amene akutuma kuti ndakana ndine," anatero. "Osati nsanja, osati masapota. Ine Ndaziona. Udikira mpaka matayala akowo aphwe."

Kenako anatembenukira kukhamu lija. "Inu musaime ngati zitsa. Wina akawatenge amayi anga ku Utale, ndikufuna ndiwaone ndi maso angawa. Ndipo masewero sanathe."

Phokoso limene linabuka pamenepo linamveka mpaka kusiteshoni ya sitima.

Papita zaka zinayi tsopano. Masamba anawasunthira kunja pang'onopang'ono mpaka anazungulira tauni yonse, ndipo galimoto ija inkabwerera m'mbuyo mwaulemu, ikupepesa. Lero ili pamsewu wopita ku Liwonde, nkhuku zimaikira mazira pansi pake. M'mawa uliwonse mayi Sambakunsi ndi gulu lawo amasintha nthambi m'misewu isanu ndi umodzi, ndipo akhala akudzala mitengo yambiri kuti masamba asadzathe. Maliro enieni akagwa, anthu amayala mizere iwiri kuti odutsa asiyanitse.

Mtengo wake ulipo, ndipo amene amaulipira ndi Ndaziona. Sanasewereponso pabwalo lina lililonse, ndipo yunifolomu ya timu ya dziko, imene ankailota kuyambira ali kamtsikana, sadzaivala. Mavu a Balaka akapita koyenda amagonja mochititsa manyazi, iye akumvera pawailesi, atakhala pakhonde ndi mayi ake. Masiku ena amapita kukaima pamasamba paja n'kuyang'ana msewu nthawi yaitali, ndipo anthu anaphunzira kusamufunsa chimene akuganiza. Galimotoyo imamufunsa mwaulemu ngati mwambo watha, iye amayankha kuti ayi.

Amene anapanga makinawo anawaphunzitsa kuyeza chikondi ndi kulemekeza maliro, koma sanawauze kuti munthu akhoza kusankha khola laling'ono, bola chitseko chake atseke yekha.