Anagogoda Mpaka ku Beira

Etta anachedwa kunyamuka kwa Marjorie chifukwa cha khanda. Anapita masana ku North Woolwich, tsidya la kumpoto kwa mtsinje wa Thames mumzinda wa London, kukaona mwana amene mnzakeyo anali atangobereka, ndipo kamwanako kanagona tulo pachifuwa pake moti anachita chisoni kukadzutsa. Pomwe ankavala jasi, kunja kunali kutada kale monga kumachitira mu Disembala, ndipo chifunga chinali chitakuta mtsinje wonse.

"Sitima ya DLR sikuyenda lero, akukonza njanji," anatero Marjorie akuyang'ana pafoni. "Feri yowolotsa anthu nayo aimitsa chifukwa cha fogi. Ingogona konkuno, sisi."

"Sindingathe. A Killian ali okha."

A Killian anali mzungu wokalamba kwambiri amene Etta ankawasamalira, ndipo ankakhala nawo m'nyumba mwawo ku Woolwich. Mwana wawo Melissa anali atawagoneka madzulowo n'kubwerera kwawo ku Greenwich, atamulembera Etta kuti afulumire. Anali munthu wofatsa mkuluyo. Tsiku lomwe anamva kuti Etta kwawo ndi ku Nsanje anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Port Herald," dzina la tauniyo m'nthawi ya atsamunda. Anati ali mnyamata anagwirako ntchito kukampani ina yomwe inatha kalekale, yotumiza fodya pasitima kupita kudoko la Beira. Sanapitirize, ndipo Etta sanafunse.

Njira yotsala inali imodzi: ngalande ya oyenda pansi yomwe imadutsa kunsi kwa mtsinje n'kukatulukira ku Woolwich. Etta anakoka chipewa cha jasi n'kuuyamba ulendo.

Pafupi ndi khomo la ngalandeyo pali siteshoni yakale ya sitima, yanjerwa zofiira, yomwe inatsekedwa zaka zambiri zapitazo. Pamene ankadutsa pamenepo, anamva mawu kuchokera pamasitepe.

"Mayi, mukupita kutsidya?"

Etta anaima. Chinali Chichewa, koma chokhala ndi kamvekedwe ka Chisena chakwawo kwenikweni. Mtima wake unachita kudumpha ndi chimwemwe. Pamasitepepo panakhala mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, wovala kabudula ndi malaya a kaki. Analibe jasi. Analibe nsapato. Etta anaganiza kuti ndi mmodzi wa anthu akumudzi amene mapepala okhalira m'dzikomo anawavuta n'kuyamba kugona panja.

"Achimwene, kuzizira konseku mulibe chofunda?"

"Kuzizira ine sindikudziwa. Kumene ndachokera n'kotentha."

Anati dzina lake ndi Goodwell, wa kwa Tengani. Etta anati iye ndi wa kwa Malemia, paboma penipeni. Munthuyo anagwedeza mutu, osamwetulira.

"Ine ndinabwera ndi fodya," anatero, akuloza kumadoko akale. "Ananditsitsira apo."

Etta anayang'ana komwe ankalozako. Kumeneko masiku ano kumatera ndege, sitima za katundu zinasiya kufikako iye asanabadwe. Anaganiza kuti umphawi wamusokoneza mutu.

"Kutsidyako kuli munthu amene ndikufuna kuonana naye," anapitiriza Goodwell. "Koma mtsinje uwu sundilola kuwoloka ndekha. Ndakhala ndikudikira munthu wakwathu woti andiuze kuti tiyeni."

"Tiyenitu, njira ndi yomweyi," anatero Etta.

"Takhuta," anathokoza m'Chisena.

Anatsika masitepe ozungulira, Etta patsogolo, mlendo pambuyo. Pansi, ngalande inatambalala kutsogolo kwawo, yamatailosi oyera ndi magetsi otuwa, yotsetsereka kulowera pakati pa mtsinje. Munalibe munthu wina aliyense. Etta anayamba kumufotokozera za tchalitchi cha Amalawi chomwe chimathandiza anthu osowa pogona, ndipo ali mkati molankhula anazindikira kuti akungomva mapazi ake okha.

Anacheuka. Munthuyo analipo, akuyenda bwinobwino. Koma phokoso ayi.

Kenaka fungo. Fungo la fodya wouma, wa m'mabelo, lamphamvu moti linamukereketa pakhosi. Ndipo kunayamba kutentha. Ngalande imeneyi imazizira ngakhale m'chilimwe, koma Etta anamva thukuta likutsika kumsana ngati ali pamsika wa Nsanje mu Okutobala.

"Tinkakweza mabelo pa Port Herald," anatero mawuwo kumbuyo kwake. "Dzuwa lili paliwombo. Ine ndinangoti, bwana, anyamatawa amweko madzi. Anati ndamuyankha pamaso pa anthu."

Etta anawonjezera liwiro.

"Anandikankhira m'bogi ya sitima. Anati ukapumira ku Beira. Anatseka ndi mpiringidzo."

Go… go… go…

Munthuyo ankagogoda khoma ndi nkhonya. Khomalo ndi la matailosi. Koma linkalira ngati chitsulo.

"Ndinagogoda pasiteshoni ya Marka. Sanatsegule."

Go… go…

"Ndinagogoda pamlatho wa Zambezi. Madzi ndikuwamva pansi panga, mayi. Madzi ambirimbiri. Sanatsegule."

Magetsi anaphethira. Etta anacheukanso, ndipo ulendo uno anaona milomo yake. Inali yong'ambikang'ambika. Lilime lakuda, lotupa. Zala zopanda khungu.

Anathamanga!

Chikwama chinkamumenya m'nthiti. Mpweya unali wotentha ngati wa mu uvuni. Sanadikire lifiti. Anakwera masitepe ndi manja ndi miyendo, akutchula dzina la Yesu, mpaka anatulukira panja ku Woolwich, mphepo yozizira n'kumumenya kumaso.

Anayang'ana kumbuyo. Kunalibe munthu.

Anaima pansi pa getsi la mumsewu. Mabasi ankadutsa. Anyamata awiri ankaseka pakhomo pa shopu ya tchipisi. Anadziuza kuti wakumana ndi wamisala basi, ndipo wamusiya pansi pomwepo. Anakwera chitunda kupita kunyumba, akucheuka pakona iliyonse.

Ali pakhomo, kiyi ali m'dzanja, fungo lija linabweranso.

"Ndi pano?"

Mawuwo anali pakhutu pake penipeni.

Etta analowa, anamenyetsa chitseko, anakhoma. Anathamangira kuchipinda chapamwamba. A Killian sanali mtulo. Anali atakhala tsonga pabedi, tsitsi lawo loyera lili nyankhalala, maso ali tong'o. Sankayang'ana Etta. Ankayang'ana kuseri kwa phewa lake.

Ndipo analankhula Chichewa, chimene Etta anali asanawamvepo akulankhula chifikireni m'nyumbamo.

"Wamuwolotsa ndani ameneyo?"

China chake chotentha chinamudutsa Etta n'kumukankhira m'khonde. Chitseko chinatsekeka. Panamveka kulira kwa chitsulo chikukhulika, ngati mpiringidzo ukulowa m'malo mwake.

Chitseko chimenecho chinalibe loko. Melissa anachotsetsa maloko onse kuti bambo ake asadzadzitsekere.

Etta anagwira chogwirira. Chinamuwotcha. Anakulunga dzanja ndi mpango n'kupotoza. Sichinasunthe. Anachimenya ndi phewa, kenaka ndi phazi. Chitseko cha thabwa wamba chinauma ngati khoma.

"A Killian! Mukundimva?"

Mkati munamveka kugwa, kenaka kukwawa. Munthu amene sankatha kutsika pabedi popanda kumugwira anali atafika pachitseko.

Go… go… go…

"Etta," anatero m'Chingerezi. "Tsegula, mwana wanga. Kukutentha. Madzi."

Etta anaimbira ambulansi, akulira, akulakwitsa adiresi. A ambulansiwo anati akubwera. Anataya foni pansi n'kubwerera pachitseko. Anagwada n'kulankhula pampata wapansi, pomwe pankatuluka mpweya wotentha wonunkha fodya.

"A Goodwell, chonde. Ndi wokalamba uyu. Sakudziwanso ngakhale tsiku la lero. Mukhululukireni."

"Akudziwa," anayankha mawuwo modekha. "Wandizindikira."

"Ine ndakuchitirani chifundo, ndakuwolotsani. Musandichite zimenezi."

"Inu mulibe mlandu, mayi. Khalani pambali. Sitima yanyamuka."

Pansi pa nyumba panayamba kunjenjemera pang'onopang'ono. Zithunzi za m'khonde zinagwedera pamisomali yake. Ndipo mawu aja anayamba kutchula masiteshoni, osafulumira, ngati munthu amene wadikira nthawi yaitali ndipo sakufuna kuti zithe msanga.

"Marka."

Go, go, go, go.

"Mutarara. Mlatho ndi uwu, bwana. Mukuwamva madziwo?"

Mkuluyo analira. Anapempha m'Chingerezi. Anapempha m'Chichewa. Anaitana amayi ake.

"Sena."

Go… go… go…

Etta anatsika kukhitchini, anatenga nyundo, anabwerera. Anamenya chitseko mpaka mikono inalema. Ngakhale penti sanasupuke.

"Inhaminga. Pano tinaima tsiku lonse padzuwa. Tiimenso pang'ono."

Nyumba inakhala bata. Etta anamva kupuma kwa mkuluyo, kokoka, kouma. Anamva zikhadabo zikukanda thabwa. Analowetsa zala pampata wapansi, ndipo zala zina zotentha zinagwira zake. Zinagwira mwamphamvu. Kenaka zinayamba kufooka.

"Dondo."

Go…

Etta anadikira kugogoda kwina. Sikunabwere.

"Beira," anatero mawuwo. "Mwafika, bwana. Pumulani."

Chitsulo chija chinaliranso. Chitseko chinatseguka chokha, pang'onopang'ono.

M'chipindamo munali mozizira. A Killian anagona chammbali pakhomo, zovala zogonera zili zonyowa ndi thukuta, milomo itang'ambika, khungu la zala litasupuka. Pakatebulo ka pabedi, tambula ya madzi imene Melissa anawasiyira inali yodzaza. Munalibe wina aliyense.

A ambulansi atafika anayesa zomwe akanatha, kenaka anati zikuoneka kuti ndi mtima. Etta anangovomera. Sanawauze za ngalande.

Melissa anafika pa takisi, ndipo atatuluka m'chipinda cha bambo ake, awiriwo anakhala kukhitchini. Etta anali atafumbata bulangete la mkuluyo pamiyendo. Pomaliza anafunsa, m'Chingerezi.

"Goodwell anali ndani?"

Melissa anaika kapu pansi. Nkhope yake inayera.

"Dzina limenelo walimva kuti? Bambo analitchula?"

"Ndangolimva."

Melissa anati nkhaniyo anamuuza ndi amayi ake, kamodzi kokha, atatsala pang'ono kumwalira. Goodwell anali mmodzi wa anthu okweza katundu pasiteshoni ya Port Herald. M'chaka cha 1958 bogi ina ya fodya itatsegulidwa padoko la Beira, anamupeza mkati, atatsamira chitseko. Mabelowo anawakweza m'sitima yapamadzi tsiku lomwelo kubwera nawo ku London. Palibe anazengedwa mlandu. Bambo ake anasiya ntchito chaka chomwecho n'kubwerera kuno.

"Anamupeza ali bwanji?" anafunsa Etta, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Atafa, Etta. Munthu ameneyo anafa ine ndisanabadwe."

"Nanga anamuika kuti?"

"Sindikudziwa. Amayi anati palibe anafunsa."

Etta anapinda bulangete lija n'kuliika pampando. Kumaso kwake kunali kutauma. Panja, kumtsinje, chifunga chinali chitayamba kuchoka, ndipo iye anakhala pomwepo mpaka mbandakucha, osadziwa kuti m'nyumba imeneyo alire maliro a ndani.