Mabango Pakhola la Amai Emelina

Dzuwa linali litapendeka pamene amai Emelina ankatsekera mbuzi m'khola, akuzitukwana monga mwa masiku onse. Chinali chaka cha chilala, 1992, chija tinadya chimanga chachikasu, ndipo ku Mburuma ngakhale mbuzi zinkayenda dzandidzandi ndi njala. Akukoka chitseko, anaona bango litatsamira pakhola. Linali laliwisi, lodulidwa bwino uku ndi uku, lalifupi lolekeza m'chiuno, ndipo linkanunkha matope a kumtsinje. Nanga bango laliwisi chaka chimenecho ukanalipeza kuti? Timitsinje tonse tinali mchenga wokhawokha, kumtsinje wa Luangwa n'kutali. Analiponya kuseri kwa khola n'kulowa m'nyumba.

Masiku amenewo maiwa ankayenda mapewa ali m'mwamba. Mwana wawo Mwaka, yekhayo m'mudzi monse amene anafika ku yunivesiti ku Lusaka, anali atabwera kudzachita kafukufuku wa chaka chake chomaliza. Ankayenda khomo ndi khomo ndi thabwa la manambala ndi katepi, kuyesa ana aang'ono msinkhu ndi mikono. Ankati akuluakulu akaona mmene ana afotera, mwina adzatumiza phala. Nayenso anali ndi kamwana kake, Laura, ka zaka zitatu, kamene kankaleredwa ndi amai Emelina.

Tsono kwathu munthu wamoyo sayesedwa msinkhu. Timayesa wakufa, ndi bango, kuti adzukulu adziwe pokumba. Amai Emelina ankazidziwa bwino zimenezi, koma kunyada kulibe makutu. Tsiku lomwe Mwaka anafika, iwo anamuimika pakhomo n'kumuyesa ndi luzi kuchokera pamutu mpaka kuchidendene, kuti telala wa ku Boma adzamusokere diresi la tsiku lolandira digiri.

"Amai, diresi siliyambira pamutu!" anaseka Mwaka.

"Khala chete iwe. Luzi si bango," anatero maiwo, n'kumanga mfundo, n'kulitsomeka luzilo kudenga.

M'mawa wotsatira tsiku la bango lija, kunamveka mfuu kwa a Tenson, oyandikana nawo. Mwana wawo Yoram, amene anagona akusewera, sanadzuke. Adzukulu anazungulira mudzi kufuna choyesera, ndipo mmodzi anatola bango lija kuseri kwa khola. Ataligoneka pambali pa mtembo, linangokwanira ndendende, osadula, osaonjeza. Wina anafunsa amene analidula, koma onse anangoyang'anana.

Sabata isanathe, bango lina linapezeka litatsamira pakhola pomwe paja, ndipo Helena, mwana wa amai Philomena, anatsatira. Kenako linabwera lachitatu. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mbuzi zikamalowa m'khola kumamveka mpeni ukucheka, kwee, kwee, koma ukatchera khutu kum'mawa umamveka kumadzulo. Agalu ankangolowa pansi pa nkhokwe osauwa. Fungo la matope linkadutsa m'mudzi mouma gwaa, n'kukhala pakhosi mpaka kukomola. Azimai anayamba kubisa ana akaona Mwaka ndi thabwa lake.

A Tenson anamupeza pansi pa mtengo wa masau, pomwe anthu ankatola zipatso zokaphikira phala.

"Iwe Mwaka, mwana wanga unamuyesa?"

"Ndinayesa ana onse, amalume."

"Helena naye?"

"Nayenso. Koma chapha anawa ndi njala. Thabwa silipha munthu."

"Nanga wako unamuyesa?"

Mwaka anayang'ana nkhope zomuzungulira. Anthu amene anamuvinira popita ku Lusaka tsopano ankamuyang'ana ngati njoka yalowa m'nyumba. Mtima unamuwawa, ndipo mkwiyo unamukwera. Anagoneka thabwa pansi n'kuitana Laura.

"Mwaka, usachite!" anakuwa amai Emelina. "Mwanangu, ndakugwira mwendo!"

"Amai, nditasiya apa, ndiye kuti ndavomera kuti ndine mfiti."

Anamugoneka mwanayo pathabwa, n'kumuwongola timiyendo, n'kutchula nambala mokweza kuti aliyense amve. Laura ankangoseka, akuyesa masewera. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, ndipo amai Philomena anapita akulira ngati maliro agwa kale.

Madzulo ake bango linali pakhola. Kabango kakafupi, Mulungu wanga, kosafika n'komwe m'chiuno! Amai Emelina anakathyolathyola n'kukaponya pamoto. Kanangolira tsii, kakutuluka thovu, utsi wake ukununkha matope. Kutacha, kanali katatsamiranso pakhola kathunthu, ndipo Laura thupi linali moto.

Mwaka anagogoda makomo kupempha njinga kuti athamangire kuchipatala cha mishoni ku Katondwe. Aliyense njinga yake inali yophwa tayala tsiku limenelo. Lole nayo sinadutse. Anabereka mwana n'kuuyamba wapansi, dzuwa likuswa mtengo. M'njira monse ankamva kumbuyo kwake kanthu kakugogoda pansi, go, go, go, ngati munthu woyenda ndi ndodo. Akaima, nako kankaima. Akacheuka, ankangoona mitengo ya mopane ndi ndowe za njovu. Anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi, kenako anathamanga.

"Mama, ndani uyo?" anafunsa Laura kumsana.

"Palibe munthu, mwanangu. Gona."

Madenga a ku mishoni asanaoneke, kugogoda kuja kunaleka. Mwaka anamva kumsana kwake kukuzizira, ndipo timanja timene tinamugwira m'khosi tinamasuka. Anakhala pansi pakati pa msewu. Sanalire, anangomasula chitenje n'kumufunditsa mwanayo mpaka kumutu.

Adzukulu sanavutike n'kufunsa muyeso. Anangopita kukhola n'kukatenga kabango kaja.

Atachoka kumanda, Mwaka anawaza thabwa lija ndi nkhwangwa, n'kulitentha pamodzi ndi tepi anthu onse akuona. Za Lusaka sanazitchulenso. Ankangokhala pamphasa m'nyumba, atafumbata kadiresi ka Laura. Phala limene ankanena lija silinabwere. Komabe mudzi unapumako, chifukwa masiku anapita osamveka mpeni, ndipo anthu anati chinthucho chakhuta.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, amai Emelina akutsekera mbuzi, anamva fungo la matope. Anafuna kuti asacheuke, koma maso alibe mpanda. Bango linali pamalo ake, laliwisi, lalitali ngati munthu wamkulu. Mtima wawo unakhala ngati wapepuka. Anati ngati ndi langa, libwere, ndatopa ine. Analitenga n'kuliimika pambali pawo, n'kuika dzanja pamutu kuti aone polekeza. Bangolo linawapitirira ndi chikhatho chathunthu. M'banja mwawo wamtali choncho analipo mmodzi yekha.

Anathamangira m'nyumba, mbuzi zikutulukanso m'khola. Anapisa dzanja kudenga pomwe anatsomeka luzi lija. Anafufuza, anazula udzu, fumbi likuwagwera m'maso. Luzi panalibe.

"Mukufuna chiyani, amai?" anafunsa Mwaka ali pamphasa.

"Palibe, mwanangu."

Unali mwezi wa Okutobala, kutentha koti ngakhale abuluzi ankabisala. Mwaka anadzikunga, mano akugundana.

"Amai, ndifunditseni bulangete. Ndikumva kuzizira."