Thanki ya Malemu Amock

Kugogodako kunayamba Lachitatu, tsiku limene Hezron Mkandawire anachotsa thanki yakale m'boti lotchedwa Wezi.

Ku Chitimba amene salidziwa boti limeneli ndi makanda okha. Linali la malemu Amock Gondwe, ndipo kwa zaka makumi atatu linkapita ku Mlowe ndi ku Tcharo, uko kumene msewu unachita manyazi kufikako. Linanyamulapo akwati, mbuzi, makina osokera, amayi apakati, ngakhale limba la kutchalitchi lomwe akuti linayamba kuimba lokha pakati pa nyanja mwera utavuta. Amock atamwalira, boti linakhala pamtunda zaka zinayi, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Chaka chino mkazi wa malemuyo, mayi Rahab, anati likonzedwe, ndipo analikokera kuseri kwa nyumba ya Hezron, mmisiri wa injini amene anaphunzira ntchito kwa Amock yemweyo.

Thanki yakaleyo inali yachitsulo, yaitali ngati bokosi la maliro, ndipo inalibe geji yoonetsa kuchuluka kwa mafuta. Geji anali Amock mwini wake. Ankagogoda katatu ndi sipanala, n'kutchera khutu, n'kunena malita otsala. Ena amalumbira kuti ankadziwanso ngati petuloyo anagulidwa ku Rumphi kapena ku Karonga. "Thanki yanjala imalongolola," ankatero, "yokhuta imayankha liwu limodzi."

Hezron anaika yatsopano yapulasitiki, yofiira ngati tomato. Yakaleyo mayi Rahab anapempha kuti aidule pakati, aziwambirapo nsomba. Aliyense wogwira zitsulo amadziwa kuti thanki yokhala ndi petulo ikakumana ndi moto wa gilayinda yodulira zitsulo, mmisiri amamutolera m'mitengo. N'chifukwa chake anaitsuka katatu ndi sopo, anaikhuthula, anabwezera chivindikiro kuopa njoka, n'kuisiya pansi pa mtengo wa mango kudikira Loweruka.

Usiku umenewo kunali mdima wa bii, mwezi kulibe, achule okha akukangana kudambo. Kenako achulewo anangoti zii. Ndipo kuseri kunamveka: ngwee, ngwee, ngwee, kulira kwakutali ngati belu losweka.

"Bambo a Luntha," ananong'ona Nelly, mkazi wa Hezron, "mwamva?"

"Ndi chitsulo chikuzizira. Gona."

"Chitsulo chimadziwa kuwerenga mpaka katatu?"

Hezron anakoka chofunda mpaka kumutu, mapazi n'kutsala panja.

Pofika masana a Lachinayi nkhani inali itafika kumsika. Ena ankati Amock wakana pulasitiki. Ena ankati akufuna sipanala yake. Mayi Rahab anangoseka: "Amuna anga aja kudzuka usiku? Tsiku lina mbala zinaba chitseko iwo ali mkonono."

Amene anaikonda kwambiri nkhaniyi anali Greyson, mchimwene wake wa Nelly, wa kabaza wa njinga yamoto, yemwe ankagona m'kanyumba kapambali. Masiku amenewo petulo ankasowa, ndipo iye ankachezera pamizere yogula petulo ku filing'i.

"Alamu," anatero akutafuna mzimbe, "akufa sakanganirana nawo malo. Kumtengo wa mango uko dzuwa likalowa musamapiteko. Mlongo wangayu zakuda sizimukhala."

Usiku wachiwiri achule analekezanso pakati pa nyimbo. Kunamveka katatu, koma tsopano mawu anali atatsika: ngo, ngo, ngo. Hezron anakhala tsonga pabedi. Khutu lake linazindikira kenakake, koma mutu unakana.

Usiku wachitatu analimba mtima. Anakhala kuseri kwa chitseko ndi tochi m'manja, akumva mafunde akupuma patali ndi tsamba la mango likugwa padenga. Tulo tinamuba pang'ono. Chimene chinamudzutsa chinali: du, du, du. Mawu aafupi, olemera, osalira n'komwe. Anatsegula chitseko, n'kuwalitsa tochi. Panali boti lili pamitengo yake, thanki ili pamalo pake, ndi mphaka wa a neba atatuzula maso, akuyang'ana pamalo pamene panalibe munthu.

"Mwaona ndani?" anafunsa Nelly atabwerera.

"Palibe. Mawa ndiidula, zithe."

Loweruka m'mawa magetsi anayaka, chinthu chimene chinadabwitsa mudzi wonse kuposa mzukwa. Hezron anakoka waya mpaka pansi pa mango, anajambula mzere ndi choko pakati pa thanki, n'kugwada. Za fungo musafunse. Mphuno zake zinafa kalekale ndi petulo, moti nsomba yowola ankaidziwa poona ntchentche. Anayatsa gilayinda, inalira, anaitsitsa mpaka kutsala chala chimodzi kuti ikhudze chitsulo.

Pamenepo dzanja linakana. Anakumbuka m'mawa wina wa kale pa doko la Mlowe, nyanja ili bata, Amock atavala chipewa chake chong'ambika, akumuletsa kuliza injini asanafunse thanki. Anazimitsa gilayinda. Anatola sipanala, n'kugogoda katatu.

Thanki inayankha liwu limodzi.

Anatsegula chivindikiro, analowetsa kamtengo, ndipo kanatuluka konyowa mpaka m'zala. Anali petulo.

Nthawi yomweyo Greyson anatulukira akuthamanga, malaya kumanja, nkhope yatuwa. Kulira kwa gilayinda n'kumene kunamudzutsa. Ataona kamtengo kaja anangokhala pansi pafumbi.

"Ndi wanga, alamu," anatero ndi mawu aang'ono. "Ndimafuna ndidzagulitse m'mabotolo. M'nyumba ndinkaopa moto, ndiye ndinkathira umu usiku uliwonse, zigubu ziwiriziwiri."

"Sunamve kuti ndiidula lero?"

"Ndinamva. Koma ndani akanaganiza kuti magetsi angayake Loweruka?"

Nelly anali ataima pakhomo, manja ali kukamwa. Atawachotsa sanakalipe. Anangoti, "Greyson, zakuda zija unali utandigulira kale?"

Hezron anatembenukira kwa Greyson. "Ndiye kugogoda kuja unali iwe, kuti tiziopa kubwera kuno."

"Alamu, munthu wobisa chinthu amagogoda? Ine ndinkavula ndi nsapato zomwe." Anatsitsa mawu. "Ndinkathira, n'kutseka, n'kutembenuka. Ndikangoyenda mapazi asanu, kumbuyo kwangaku kunkagogoda. Ngati munthu akufuna kudziwa kuti ndathira wochuluka bwanji."

"Sunacheuke?"

"Inu mukanacheuka?"

Mphepo inagwedeza mango, nkhuku inalira m'boti.

Masana mayi Rahab anabwera kudzaona zowambira zawo. Anapeza petulo atamukhuthulira m'zigubu, Greyson akutsuka thanki ndi sopo kachisanu, mlongo wake atamuimirira ndi chikuni. Anamva nkhani yonse osadula mawu. Kenako anawerama, anafufuta mzere wa choko uja ndi nsonga ya chitenje chawo, pang'onopang'ono, ngati akupukuta munthu thukuta.

"Mwana wanga Hezron," anatero, "dzimbiri lake ndi lalikulu chomene?"

"Ndi malo awiri okha, amama. Ndikhoza kumata."

"Mata, uibwezere m'boti. Nsomba ndiwambira pena."