Chivindikiro Chopanda Ulusi

M'nyumba ya mmisiri wina munali mtendere. Bambo ankaumba zivindikiro za simenti zotsekera zitsime, mayi ankasoka, ndipo mwana wawo yekhayo, mnyamata waluso koma waulesi, ankaphunzira ntchito ya bambo ake.

Chimene ankadana nacho chinali kumasula ulusi. Unkabwera wopiringizana m'thumba, ndipo asanauthire m'matope a simenti ankayenera kuulekanitsa ndi zala, ali yekhayekha kuseri kwa shedi.

"Simenti ndi yolimba kale, bambo. Ulusi ndi wachiyani?" anafunsa tsiku lina.

"Kulimba n'kwina, kupirira n'kwina, mwana wanga. Chopanda ulusi chimathyoka kamodzi, osachenjeza. Cha ulusi chimayamba chang'aluka, ulusi n'kugwira, munthu n'kupeza mpata wochokapo."

Maso a bambo atayamba kufooka, anamusiyira ntchito yosakaniza. Dalaivala wobweretsa mchenga anamupeza atakhalira thumba, n'kumuseka.

"Ukufungatira mazira kodi? Zikauma, zam'kati aziona ndani? Tiye tikamwe."

Anapita. Mawa lake anapitanso, ndipo ulusi anausiyiratu.

"Thumba ili silikuphwa bwanji?" anafunsa mayi.

"Ndi lina limenelo, amayi," ananama osaphethira.

Tsiku lina iye ndi bambo ake anakaika chivindikiro pachitsime cha mphunzitsi wina. Bambo anali ndi chizolowezi choyamba kuimapo okha, mwini wake asanalandire. Mnyamatayo anawaona akukweza phazi. Mawu anafika pakamwa, koma manyazi anamutseka, ndipo anangoyang'ana kumbali.

Chivindikiro chinathyoka pakati. Bambo anagwera m'chitsime, ndipo anthu anawatulutsa ndi zingwe, msana utathyoka.

Kunyumba bambo sanamukalipire mnyamatayo. Anangopempha chidutswa cha chivindikirocho, n'kupapasa pothyokapo ndi zala. Panali see, popanda ngakhale kaulusi kamodzi. Anachiika pansi, natembenuzira nkhope kukhoma.

Lero pabwalopo pali zii. Ogula anasiya kubwera, dalaivala amadutsa osaimba hutala, mayi amasoka osadzutsa mutu. M'mawa uliwonse mnyamatayo amanyamula bambo ake kukawakhazika padzuwa, ndipo iwo amati "zikomo" ngati akuthokoza mlendo. Mawu amenewa amamupweteka kuposa ndodo.

Wachinyamata iwe, ulesi wobisika ndi tchimo ndithu. Ntchito imene ukuizemba chifukwa palibe akukuona, tsiku lina adzaimapo ndi munthu amene amakukhulupirira.