Zala Ziwiri Pamkono wa Namwino

Banja la telala ndi mkazi wake lidayamba bwino, ndipo amene anganene lero kuti adaoneratu mapeto ake ndi wabodza. Adakumana m'chipatala, telalayo atagonekedwa ndi chibayo. Mtsikana wokolopa mu wodimo, amene ntchito yake inali kusintha nsalu za pabedi ndi kutaya mabeseni a odwala, ndiye ankamutembenuza ndi kumumwetsa madzi. Atachira, telala adayamba kubwerera kuchipatalako ndi matenda amene dokotala sankawapeza, mpaka mtsikanayo adamuuza kuti ngati nkhani ndi ya ukwati angonena, asamalize mapiritsi a odwala enieni.

Adakwatirana, nadalitsidwa ndi ana awiri. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, makina osokera ali pakhonde. Mkaziyo anali ndi khumbo limodzi lokha, loti adzakhale namwino, ndipo mwamuna wake ankaliyamikira. Madzulo ankamufunsa mafunso a m'mabuku uku akupalasa makina, n'kumatchula mayina a mafupa ngati akutukwana munthu, ana n'kumagubuduka ndi phwete.

Koma khomo la sukulu ya anamwino ndi lopapatiza modabwitsa. Mu wodi imene mkaziyo ankakolopa, odwala ankadzaza mabedi onse, ena n'kugona pansi, ndipo onsewo ankawayang'anira namwino mmodzi. Pa wailesi akuluakulu ankalira tsiku ndi tsiku kuti anamwino akusowa. Ukapita kusukuluko uli ndi satifiketi yabwino m'manja, yankho linali lomwelomwelo: "Mwakhoza ndithu mayi, koma malo atha. Aphunzitsi ndi ochepa. Mudzayesenso chaka chamawa." Ndani angamvetse zimenezi? Anthu akufa ndi ludzu, wofuna kukatunga madzi mwamutsekera chitsime.

Mkaziyo adayesa chaka choyamba, chachiwiri, chachitatu. Aneba adamupatsa dzina lachipongwe. Akamadutsa ndi yunifolomu yake yokolopera ankafuula, "Anesi, mutu ukundiwawa, tandilemberani mankhwala." Dzinalo lidamata, choncho nafenso timutche Nesi.

Atakanidwa kachinayi, Nesi adagona moyang'ana khoma, osadya, osalankhula. Adaonda mpaka mphete idayamba kuvuka yokha pachala. Telala adachita mantha. Adagwada pambali pa bedi misozi ili mbwembwembwe.

"Mayi a mwana, sukulu imeneyi ikuphani ine ndikuona. Ndilonjezeni kuti simudzalemberanso. Ndisoka usana wonse, simudzagona ndi njala."

Nesi adalonjeza. Lonjezolo lidachokera m'chikondi, koma lidamanga pakamwa pokha, mtima osaumanga.

Patapita nthawi mu wodimo mudabwera namwino wachimuna, wamtali ngati mlongoti, ndipo odwala ankangomutcha Wamtali. Anali bambo wa banja lake, wofatsa, wotopa nthawi zonse. Adaona mmene Nesi ankagwirira odwala, ndipo tsiku lina adamufunsa zaka zake. Atamva, adapukusa mutu.

"Mayi, chaka chino n'chomaliza kwa inu. Chaka chamawa mudzakhala mutapyola zaka zimene sukulu imalola. Ndiponso masiku ano sayesa zolemba zokha, amafuna aone manja anu. Ndikhoza kukuphunzitsani nthawi ya nkhomaliro. Ndatopa kukhala ndekha mu wodi muno."

Mawu akuti chomaliza adamulowa Nesi m'mafupa. Adalembera mwakachetechete. Mumtima ankati: ndikalephera palibe adzadziwe, palibe adzandiseke, ndipo amuna anga sadzaliranso. Ndikapambana, chimwemwe chidzafufuta bodza. Umu ndi mmene anthu abwino amadzinamizira.

Lamulo la chipatala silinkalola wokolopa kupima wodwala. Choncho ankaphunzirira m'kachipinda kosungiramo nsalu za pabedi, ndipo mkono wophunzirirapo unali wa Wamtali yemweyo. Kuwerenga kugunda kwa mtima kuli ndi kachitidwe kake. Umaika zala ziwiri pamkono wa munthu, pafupi ndi chikhatho, n'kukhala chete mphindi yathunthu, mutu utawerama, maso ali pa wotchi. Ukalankhula wasokoneza chiwerengero. Ankatseka chitseko kuopa kuti akuluakulu a chipatala angawadzudzule.

Mlongo wake wa telala ankagulitsa nthochi pageti la chipatalacho, ndipo masana ankalowa nazo m'mawodi. Tsiku lina adasuzumira pachitseko chosatsekeka bwino. Madzulo ake anali kale pakhonde la mchimwene wake.

"Achimwene, ine sindikonda zonena anthu, inu mukudziwa. Koma alamu anga ndawaona ndi maso angawa. Ali awiriwiri m'kachipinda, atagwirana manja, duu, osalankhula. Anthu ogwira ntchito amakhala chete chonchija?"

Telala adaseka, nati mlongo wake adye nthochi zakezo asiye kudya anthu. Koma tsiku limenelo adasoka mkono wa shati chagada. Nsanje simabwera ndi phokoso. Imalowa ngati njenjete m'sutikesi, mwini wake n'kudzazindikira zovala zonse zitatha.

"Masiku ano nkhomaliro mukudyera kuti?" telala adamufunsa Nesi patapita masiku.

"Ndi anzanga, kuseri kwa khitchini."

"Anzanu ake ati? Aatali aja?"

 Apa mpamene Nesi akadaulula, koma adaona patsogolo pake mwamuna akugwadanso, akumukumbutsa lonjezo, mwayi womaliza n'kupita. Mantha adamusandutsa waukali.

"Mwayamba kumvera za pageti? Inuyo tsiku lonse mumazinga tepi m'chiuno mwa akazi a eni, kuwayeza pachifuwa pomwe. Ndinayamba ndakufunsanipo?"

"Imeneyo ndi ntchito."

"Inenso yanga ndi ntchito."

"Ntchito yokolopa imafuna kugwira dzanja la mwamuna? Iwe, usandiyese mwana."

Chikwatiranireni anali asanamutchulepo kuti iwe. Ana adathawira kuchipinda. Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu amene ankadya chifukwa chokhudza matupi a anthu popanda maganizo oipa adalephera kukhulupirira kuti mkazi wake angachitenso chimodzimodzi.

Tsiku la mayeso a manja lidafika. Nesi adapempha tchuthi kuntchito, koma kunyumba adatuluka ndi yunifolomu ngati masiku onse, n'kukasinthira panjira. Masana telala adatseka makina, napita ku wodi. Wokolopa mnzake wa Nesi adamuuza mosaganiza kuti akazi ake sadabwere, apempha tchuthi. Telala adabwerera kunyumba osaona msewu. Madzulo Nesi adafika nkhope ili ngwee, akuimba kanyimbo, nati kuntchito kunali bwino. Mwamunayo sadafunse kanthu, ndipo akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Tsiku lotsatira, nthawi ya nkhomaliro, Nesi adathamangira m'kachipinda kaja. Sikunali kukaphunzira, maphunziro anali atatha. Ankangofuna kuthokoza ndi kufotokoza mmene zidayendera.

"Anandipatsa mayi wokalamba, mtsempha wake wovuta kuupeza. Ndinachita mmene munandiuzira muja. Taonani, ndinagwira chonchi."

Adatenga mkono wa Wamtali, naikapo zala ziwiri, naweramitsa mutu akumwetulira. Onse adakhala chete.

Chitseko chidatseguka. Telala adaima pamenepo atavalabe epuloni yake ya ntchito, ulusi uli m'mapewa. Adaona chimene mlongo wake adanena, ndendende. Dzanja lake lidalowa m'thumba la epuloni mmene munkakhala sizasi yodulira nsalu.

"Bambo a mwana, dikirani, ndikufotokozereni."

Wamtali adaimirira, manja ali m'mwamba. "Bambo, khalani pansi timvane." Sadapitirize. Sizasi idalowa m'khosi, ndipo munthu wamtali uja adagwera pa mulu wa nsalu zochapa.

Nesi adakoka nsalu, nakanikiza pabala ndi mphamvu zake zonse. "Itanani namwino! Chonde itanani namwino!" Abale odikirira odwala adathamanga uku ndi uku m'khonde, koma namwino wa wodi imeneyo ndi amene anali pansiyo. Dokotala anali m'chipinda cha opaleshoni, wodwala atang'ambidwa kale pamimba. Namwino wa wodi yoyandikana anali akubereketsa mayi, mutu wa mwana utatuluka kale. Nsalu idafiira, Nesi natenga ina, nayonso idafiira. Ankadziwa kuti pali choyenera kuchita, chimene amaphunzitsa kusukulu kuja, koma iye sankachidziwa. Chimene ankadziwa n'chimodzi. Adaika zala pamkono wa Wamtali, namva kugunda kukuchepa, kukutalikirana, mpaka kudasiya. Pamene thandizo linkafika, telala anali atakhala pansi pakhomo, akuyang'ana manja ake.

Kubwalo la milandu Nesi adaitanidwa ngati mboni. Adafotokoza zonse: za malo osowa, za lonjezo, za zaka zake, za lamulo loletsa wokolopa kupima odwala. Woweruza adamuuza kuti aonetse pamkono wa mlonda wa bwalolo chimene ankachita. Nesi adaika zala ziwiri, naweramitsa mutu.  Kenako kudamveka kulira kwa telala, kulira koipa kwa munthu amene wazindikira mochedwa. Mkazi wamasiye wa Wamtali, atakhala kumbuyo ndi ana ake, sadamuyang'ane n'komwe.

Woweruza adati mkwiyo si chifukwa chophera munthu, ndipo kukaika si umboni. Adati woimbidwa mlandu adapha munthu wosalakwa, nasiya odwala ambiri opanda wowasamala. Adamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Nesi adapita kukamuona patatha mwezi. Adakhala moyang'anana, waya uli pakati. Telala anali ataonda, mutu atametedwa mpala. Adafunsa za ana, nayankhidwa kuti ali bwino. Kenako adafunsa chimene chinkamudya.

"Nanga kusukulu kuja? Anayankha?"

"Anaimba foni mlandu uli mkati."

"Akuti malo atha?"

"Ayi. Ananditenga."

Telala adagwira waya ndi manja onse awiri. Kwa kanthawi nkhope yake idawala ngati kale. "Ananditengera mkazi wanga. Ndiye mukupita liti, mayi a mwana? Pitani, chonde pitani."

"Sukuluyo ndi yogonera komweko, zaka zitatu, yopanda malipiro. Mayi anga anamwalira. Achemwali anu anasamuka ndi manyazi, sindidziwa kumene ali. Ana ndiwasiyire ndani, bambo a mwana? Adya chiyani?" Nesi sadalire, misozi inali itamuthera. "Ndinawauza kuti sindibwera. Sanandifunse n'chifukwa chomwe. Anangoti palibe vuto, odikira ndi ambiri."

Mlonda wa ndende adagogoda patebulo kuti nthawi yatha.

Inu amene mumasunga chinsinsi poti mukuteteza mnzanu, ndi inu amene mumakhulupirira maso a wina musanafunse wa m'nyumba mwanu, onani chimene chidatsala. Telala adafuna kusunga mkazi wake, nadzitsekera kutali naye mpaka imfa. Nesi adabisa choona kwa masabata ochepa kuti apeze malo, ndipo malowo atapezeka adawabweza ndi pakamwa pake. Nanunso otseka makomo a sukulu musadziyese oyera, pakuti tsiku lija munthu adafera pakati pa chipatala akusowa namwino. Nesi adatuluka pageti la ndende, nafulumira kukakwera basi, chifukwa masana ankayenera kukakolopa wodi ija, imene inali isanalandirebe namwino wina.