Tambala wa a Zondwayo

Madzulo a Lachiwiri limenelo ndinali pa tebulo, ndikuchonga makope a Fomu 2, bulangete paphewa. Amene anakhalako ku Mzimba mwezi wa June akuchidziwa chisanu chake. Chinali chaka cha 1974, ndipo ine Malizani, mwana wa ku Dedza, ndinali nditatha miyezi khumi ndikuphunzitsa pa sekondale ina pa boma pomwepo. Miyezi khumi yathunthu, koma Chitumbuka changa chinali "yewo" ndi "chomene" basi. Ndinkati ndivutikiranji poti ngakhale pa wailesi anachichotsa kale.

Nyumba yathu inali imodzi yogawa pakati, yopanda siling'i. Mbali inayo kunkakhala mzungu wa ku Scotland, a Petrie, amene ife tinkati a Pitili. Masana ankaphunzitsa Chingerezi. Loweruka ankazungulira m'midzi pa mthuthuthu wawo, kope m'manja, kufunsa okalamba nkhani zakale. Ankati akulemba buku loti akapatsidwe nalo digiri yachiwiri kwawo. Munthu wake anali wamantha kwambiri. Tsiku lofika anamumeta tsitsi pa bwalo la ndege, ndiye chiyambire pamenepo aliyense wovala baji ya chipani ankamugwadira ndi maso.

Vuto langa linali Marjory, namwino wa pa chipatala. Ndinkamufuna ukwati ndi mtima wanga wonse. Bambo ake, a Zondwayo, anamwalira asanapereke yankho, ndipo nkhani inatsala m'manja mwa mayi ake ndi mchimwene wake Justus, wapampando wa achinyamata a chipani kumudzi kwawo. Justus sankandifuna ndi pang'ono pomwe. Yankho analonjeza kubwera nalo Loweruka m'mawa.

Panalinso kanthu kena kamene sindinauze munthu. Tsiku limene ndinapita koyamba kukaonekera kwa a Zondwayo, mudzi wa kufupi ndi Jenda, ndinagunda tambala wofiira ndi njinga, pafupi penipeni ndi khola lawo. Anafera pomwepo. M'malo mopepesa, ndinamuponya m'chikwama. Maola atatu ndinakhala pa mpando wa alendo, chikwama pamiyendo, thukuta kamukamu, mkuluyo akundiyang'ana n'kumafwenkha fodya wake wamphuno. Usiku wake ndinadya tambalayo ndekha, ndipo ndisaname, anali wonona.

Ndiye Lachiwiri lija, nyali itayamba kuchepa mafuta, ndinamva kutsokomola kuseri kwa khoma. Katatu, kenaka kuyetsemula. Cholembera chinagwa chokha. Chifuwa chimenecho ndinkachidziwa, ndipo mwini wake, a Zondwayo, tinali titawaika m'manda milungu itatu yapitayo.

Kenaka mawu, apansipansi, okokera.

"Nkhuku..."

Panamveka kuti thwa. Kenaka kulira kwina ngati kwa mileme. Kutsokomola kuja kunabwereranso, katatu, chimodzimodzi.

"Nkhuku..."

Mawu enawo ankangothamanga m'Chitumbuka, koma liwu limenelo lokha ndinkalimva bwinobwino. Ndinawerenga kokwana khumi ndi kasanu. Ndinagona ndi nsapato.

M'mawa ndinawapeza a Pitili akutsuka m'kamwa pakhonde. Ndinawafunsa mwaulemu ngati anali ndi mlendo usiku. Nkhope yawo, yofiira kale ndi dzuwa, inayera ngati ufa. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundigwira mkono.

"Palibe mlendo, a Malizani. Inu simunamve chilichonse. Ndapota."

Apo ndinadziwa kuti nawonso akumumva.

Lachitatu zinabweranso. Ndinaika khutu pakhoma. Pakati pa Chitumbuka chonsecho ndinatola mawu atatu: Malizani, njinga, tambala. Abale, ndinakhala pansi osadziwa kuti ndakhala. Lachinayi m'kalasi ndinalemba deti pabolodi katatu, ana akungoyang'anizana. Kupita kwa abusa sindikanatha, poti ndikanayamba ndi kuulula umbava. Kuuza Marjory ndiye kunali kudzithetsera ukwati ndekha.

Lachisanu ndinaganiza kuti munthu akafuna chake, m'patse. Ndinapita kumsika n'kugula tambala wofiira, wamkulu kuposa uja. Ndinamubisa kubafa atamangidwa miyendo. Nzeru yanga inali yoti mawu akangoyamba, ndikamusiye pakhomo la a Pitili, ndipepese, ndithawe. Mkulu atenge chake, Loweruka lindipeze ndili woyera.

Mawu anayamba pakati pa usiku. Ndinadzuka momwe ndinagonera, kabudula wamkati ndi bulangete, tambala m'khwapa. Kunja kunali mwezi wa mbee, udzu wonyowa, agalu onse a pa sukulu ali chete. Ndinakwera khonde la a Pitili chokwawa. M'nyumba munalibe nyali. Mawu ankatuluka pansi pa chitseko.

Ndinagwada. Ndinanena zonse, za njinga, za chikwama, ngakhale za anyezi amene ndinathiramo. Ndinati bambo, nayu wanu, ndikhululukireni, musandilande Marjory. Ndinaika tambala pansi n'kuyamba kubwerera chafutambuyo.

Mawu analeka. Kenaka anamveka momveka bwino, ngati pakamwa pali pa bowo la kiyi.

"Khala pasi."

Chimenecho sichinafune womasulira. Ndinakhala. Tambala ndinamunyamulanso, poti ankaphupha, ndipo kunena zoona ankandipatsa kafungo ka moyo ndi kutentha pang'ono. Ndinadikira kuti andiuze kuti nyamuka. Sananene. Chisanu chinalowa m'mafupa, miyendo inachita dzanzi, mwezi unapendeka. Nthawi ina tulo tinandiba nditatsamira chitseko.

Anandidzutsa ndi tambala yemweyo, kulira m'khutu mwanga mwenimweni. Kunja kunali kutayera. Patsogolo panga panaima amayi anayi ndi ndowa zawo za kumjigo, mmodzi atagwira pakamwa. Kumbuyo kwawo kunali Justus, mayi ake, ndi Marjory, atavala za kutchalitchi. Anali atagona pa boma kwa achibale kuti alawirire ndi yankho lija.

Taganizani. Mphunzitsi wa boma, mbandakucha, pakhomo la eni, wopanda malaya, tambala wofiira pachifuwa. Liwu loti "fwiti" linayamba kuyenda chonong'ona, ndipo limenelo ndinalimva popanda kuphunzira. Marjory anayang'ana pansi. Justus anamwetulira ngati munthu amene wapeza chimene ankafuna. Ndinayesa kufotokoza kuti ndinabwera kudzaonana ndi bambo awo. Zinangoipiraipira.

Pamenepo ndi pamene ndinaona loko. Chitseko chimene ndinatsamira usiku wonse chinali chokhoma kunja.

Mthuthuthu unamveka kumsewu. A Pitili anatsika, fumbi mpaka m'nsidze. Anali atachoka Lachisanu masana kupita ku Embangweni kukawerenga mabuku akale a mishoni, ndipo anagona komweko. Atamva nkhani, anayang'ana ine, n'kuyang'ana baji ya Justus. Ndinaona munthu akulimbana ndi mtima wake. Kenaka anatsegula loko, n'kutiitana ife anayi tokha.

Pansi pa bedi anasolola sutikesi, ndipo m'sutikesimo munali makina ojambulira mawu, a matepi awiri ozungulira. Anaulula kuti anajambula mawu a a Zondwayo masiku asanu mkuluyo asanadwale. Makinawo ankawabisa poopa kuti zikamveka kuti mzungu akujambula Chitumbuka m'midzi, amukweza ndege tsiku lomwelo. N'chifukwa chake ankamvera usiku. Ine ankandiyesa kazitape.

Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa mabatire anayi, n'kuwaika. Kutsokomola katatu. Kuyetsemula. Mayi a Marjory anakhala pansi n'kufunda chitenje kumutu.

"Nkhukuphalira, mwana wane..."

"Mwamva?" ndinatero. "Nkhuku. Akufuna nkhuku."

Marjory anandiyang'ana. Kenaka anayamba kuseka, misozi ili mbwembwembwe, mpaka anagwira khoma. Atapeza mpweya anandiuza kuti m'chiyankhulo chawo "nkhukuphalira" ndiye kuti "ndikukuuza," ndipo bambo ake sankatha chiganizo popanda liwu limenelo. Munalibe nkhuku m'menemo, ngakhale nthenga.

A Pitili nawo anali ndi lawo. Anati gawo limeneli analibwereza usiku utatu chifukwa silinkamveka. Iwo tambala ankamudziwa wa ndalama yekha, ndiye ankadabwa kuti mphunzitsi angaphe bwanji khobidi ndi njinga. Alendo awiri, khoma limodzi, aliyense ndi umbuli wake.

Tepi inapitirira, ndipo Justus ndi amene anamasulira. Mkuluyo ankaseka m'makinamo. Ankati mphunzitsi wa ku Dedza uja anapha tambala wake, ndipo mchira unkaonekera pa chikwama nthawi yonse ya ulendo. Ankati munthu wotuluka thukuta chotero chifukwa cha tambala mmodzi sangamubisire mkazi chinthu chachikulu. Marjory amutenge. Koma tambala abweze, ndipo adzapemphe mkaziyo m'Chitumbuka, pakamwa pake, osati kudzera mwa wina.

Justus anapukuta m'maso ndi chipewa, nayang'ana makina aja, n'kunena kuti iye waona sutikesi ya zovala basi. A Pitili anapuma ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Mayi anatambasula manja, ine n'kuwapatsa tambala.

"Chimoza chakwana," anatero, Marjory n'kundinong'oneza kuti chimodzi chatheka, chatsala chinacho.

Tikutuluka, ganizo lina linandigwira mwendo. Ndinabwerera n'kuwafunsa a Pitili kuti mabatire aja anali kuti usiku. Anati anali nawo ku Embangweni, mu tochi yawo, poti anali nawo anayi okhawo. Ndinawafunsanso ngati pa tepi paliponse mkuluyo ananena kuti "khala pasi." Anatsegula kope lawo, natsata ndi chala tsamba ndi tsamba. Anatseka kope. Usiku umenewo anabwera ndi matiresi awo kudzagona kwanga.

Amayi a kumjigo anali ndi kufotokoza kwawo. Ankati a Zondwayo anaona kuti mzungu akuchedwa ndi uthenga, Loweruka layandikira, ndiye anangobwera okha kudzandisunga pamalo mpaka mboni zifike. Ena ankati ndinalota ndi chisanu. Ine sinditsutsa aliyense.

Chimene ndikudziwa n'chakuti Chitumbuka ndinachiphunzira m'miyezi itatu, a Pitili akundibwereka makope awo, ndipo Marjory ndinakamupempha ndekha, osaphonya liwu. Anzanga a ku Dedza amadabwa kuti ndinafulumira bwanji chonchi, munthu amene miyezi khumi anangodziwa "yewo." Ndimangowauza kuti mphunzitsi wanga anali wolimbikira, ndipo sindinafune kuti abwerenso kudzandifunsa mayeso.