Tadi, Sofa ndi Mvula

Tadi ndi mtsikana wa ku Keko, mu Dar es Salaam. Ali mu Sitandade 3. Tadi ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kutsogolera masewera a Chingerezi pa tsiku la makolo.

Masewerawo ndi osavuta. Wotsogolera amaima kutsogolo. Amatchula mawu okhala ndi "up". Akati "stand up", onse amaimirira. Akati "look up", onse amayang'ana kumwamba.

Lachisanu Tadi anayesa. Anaima kutsogolo. Anatsegula pakamwa. Koma mawu osatuluka. Mawu onse anabalalika ngati anapiye aona kabawi.

Mnyamata wina, dzina lake Godbless, anaseka. Anaseka mpaka misozi.

"Mawa ndi tsiku la makolo," anatero aphunzitsi. "Uyamba ndiwe, Tadi. Ukaiwalanso, alowa Godbless."

Tadi anakwiya. Anakwiya potuluka m'kalasi. Anakwiya mu daladala, minibasi yopita kwawo. Anatsika akadali wokwiya.

Bambo ake a Tadi ndi kalipentala. Amakhoma mipando, matebulo ndi masofa. Ku Keko katundu sabisa. Amamuika m'mbali mwa msewu kuti odutsa aziona. Mvula ikamabwera, aliyense amathamangitsira wake mu shedi.

Tsiku limenelo bambo kunalibe. Anali atapita kukagula matabwa. Katundu anasiyira Malcolm, mchimwene wake wa Tadi. Nanga Malcolm ankayang'anira? Ayi ndithu. Anali gone pa sofa yatsopano yofiira, miyendo m'mwamba. Malcolm ali mu Fomu 2, ndipo ulesi wake ngwodziwika Keko yonse.

"Mambo, dogo?" anatero Malcolm, kumupatsa moni m'Chiswahili. "Nkhope yatani?"

Tadi anamuuza zonse. Kunali kulakwitsa. Malcolm nayenso anaseka.

"Basi, kuyambira lero Chichewa sindimva," anatero Malcolm. "Chiswahilinso sindimva. Ndikumva Chingerezi chokha." Kenako anatseka maso.

Tadi anaponya chikwama pansi.

"Kunyumba Chichewa. Kumsewu Chiswahili. Kusukulu Chingerezi," anadandaula Tadi. "Kodi ndili ndi malilime angati?"



Posakhalitsa mphepo inayamba. Utuchi unauluka. Mitambo inada bii. Makalipentala ena anayamba kuthamanga ndi katundu wawo. Dontho limodzi linagwera pa sofa yofiira.

"Achimwene, mvula," anatero Tadi.

Malcolm phee.

"Kaka, mvua," anatero Tadi m'Chiswahili.

Malcolm anayamba kuliza mkonono wabodza.

Dontho lina linagwa. Linanso linagwa. Bambo anavutika nayo sofa imeneyi. Ikanyowa, ndani angaigule?

Mtima wa Tadi unawira ngati tiyi pa mbaula. Anakwiyira Godbless. Anakwiyira mvula. Koma kwambiri anakwiyira Malcolm. Anaponda pansi ndi kugwira m'chiuno.

"Wake up!" anakuwa Tadi.

Malcolm anatsegula diso limodzi.

"Get up!"

Malcolm anadzuka.

"Stand up!"

Malcolm anaimirira. Apa m'pamene anaona mitambo ija. Tulo tabodza tinatheratu.

Tadi analoza sofa. "Pick it up! Hurry up!"

Malcolm anagwira mbali ina. Kalipentala woyandikana nawo anagwira mbali inayo. Tadi anasenza makushoni pamutu. Anabwerera kukatenga mipando. Atangolowetsa tebulo lomaliza, mvula inakhuthuka.

Bambo anafika atanyowa thupi lonse. Anagwira sofa ija. Inali youma.

"Mwachita bwino, ana anga," anatero bambo.

"Si ine," anatero Malcolm. "Ndi uyu. Wandikalipira m'Chingerezi, osaphonya ndi kamodzi komwe."

Tadi anadabwa. Zoonadi, mawu aja anali atabwera okha. Koma sanamwetulire.

"Anagona pa sofa, ababa," anatero Tadi. "Ine ndikadakwiyabe."

Bambo anayang'ana Malcolm. "Iwe, sofa ya malonda si bedi lako." Kenako analoza utuchi wa mu shedi. "Tadi, kusesa amati chiyani?"

"Sweep up," anatero Tadi.

Bambo anapatsa Malcolm tsache. Apo Tadi anamwetulira pang'ono. Pang'ono pokha.

Loweruka m'mawa kalasi inadzaza. Makolo anakhala kumbuyo. Tadi anaima kutsogolo. Anatsegula pakamwa. Mawu anayambanso kuthawa.

Godbless anayamba kumwetulira. Anali atatulutsa kale phazi limodzi kunja kwa desiki.

Tadi anayang'ana kumbuyo. Anaona bambo. Anaona mayi. Anaonanso Malcolm. Malcolm anatseka maso. Anapendeketsa mutu. Analiza mkonono wabodza uja.

Mtima wa Tadi unawiranso. Anaponda pansi ndi kugwira m'chiuno.

"Stand up!"

Ana onse anaimirira. Godbless anaimirira. Aphunzitsi anaimirira. Mayi ndi bambo nawonso anaimirira, mpaka chipewa cha bambo chinagwa.

Koma woyamba kuimirira anali Malcolm.